Mfundo zinkawawa, mapazi ali dzanzi: mmene ndinapezera dzina la matenda anga

Ngati mwakhala nthawi yaitali mukumva kuwawa molumikizira mafupa, kenako n'kuyamba kuchita dzanzi m'manja kapena m'mapazi, ndipo wina wakutchuliranipo dzina lakuti multiple sclerosis, nkhaniyi ndalembera inuyo. Ine ndadutsamo. Ndikudziwa mmene mtima umagundira usiku ukamawerenga za matendawa pa foni anzako onse ali m'tulo. Ndikudziwanso kufooka kobwerera kunyumba uli ndi mapiritsi m'manja koma funso lako lisanayankhidwe.

Kwa ine zinayamba ndi zala. Ndikadzuka m'mawa zinkakhala zouma gwa, moti kumanga mabatani kapena kutsegula botolo inali ntchito yaikulu. Zinkayamba kumasuka dzuwa litakwera ndithu. Kenako ululu unafika m'mawondo, m'mapewa ndi m'akakolo, ndipo unkasamukasamuka, lero apa mawa apo. Kutupa kunalipo koma kochepa, kosaoneka kwa munthu wongoyang'ana. Pamwamba pa zonsezi panali kutopa kosagwirizana ndi ntchito yomwe ndagwira. Ndinkagona usiku wonse n'kudzuka thupi lili lophwanyikaphwanyika.

Kuchipatala anati ndi nyamakazi, nandipatsa ibuprofen. Anandijambula mafupa, ali bwinobwino. Anayeza magazi, ali bwinobwino. Munthu amene sanadwalepo chonchi angaganize kuti mawu amenewa ndi osangalatsa, koma ukawamva mobwerezabwereza thupi likuwawabe, amayamba kulasa mtima, chifukwa umaona ngati akukuuza kuti ukunamizira. Dokotala wina anandiyang'ana mwachifundo n'kunena kuti, "Mayi, mwina mukuganiza kwambiri." Nkhawa imapwetekadi thupi, sindikana. Koma mawu amenewo sayenera kukhala otsekera chitseko munthu asanafunsidwe mafunso okwanira, ndipo tsiku limenelo sindinafunsidwe chilichonse kupatula pomwe pakuwawa.

Zinthu zinasintha mapazi atayamba. Ankanyerenyetsa masana, usiku n'kumatentha, onse awiri mofanana, mpaka ndinkawatulutsa kunja kwa bulangete. Nthawi zina ndinkaponda pansi osamva bwino pomwe ndaponda. Masonso anayamba kuchita chimbuuzi ndikamawerenga. Nditafotokoza zimenezi, dokotala wina wachinyamata anasiya kulemba, nandiuza kuti akufuna ndionane ndi katswiri wa matenda a ubongo ndi mitsempha. Anati pali matenda angapo ofunika kuwafufuza, ndipo limodzi mwa mayina omwe anatchula linali multiple sclerosis, kapena kuti MS mwachidule. Ena onsewo ndinawaiwala ndisanatuluke pakhomo. Limeneli ndi lomwe ndinapita nalo kunyumba.

Ndifotokoze pang'ono za matendawa, chifukwa mantha anga ambiri ankachokera pa kumva dzina lokha. Mitsempha ya mu ubongo, ya mumsana ndi ya m'maso ili ndi chokutira chotchedwa myelin, monga mmene waya wamagetsi amakhalira ndi pulasitiki kunja. Munthu akadwala MS, chitetezo cha m'thupi mwake chimasokonezeka n'kuyamba kuwononga chokutiracho, ndiye uthenga wochokera ku ubongo umachedwa kapena kusokera. N'chifukwa chake zizindikiro zimasiyana kwambiri. Wina diso limodzi limachita mdima, wina mwendo umafooka, wina amadzandira, wina amavutika kusunga mkodzo. Dokotala wa ku France, Jean-Martin Charcot, ndi amene anawafotokoza momveka bwino m'chaka cha 1868. Kafukufuku wa m'chaka cha 2020 anapeza kuti padziko lonse pali anthu pafupifupi 2.8 miliyoni omwe ali nawo. Amakonda kuyamba munthu ali ndi zaka za pakati pa 20 ndi 40, ndipo akazi ndi ochuluka kuwirikiza kawiri kapena kuposerapo poyerekeza ndi amuna. Ine ndinali mkazi wa msinkhu womwewo, choncho m'maganizo mwanga mlandu unali utagamulidwa kale.

Nthawi yodikira kuonana ndi katswiri ndi yomwe inandizunza kuposa ululu. Chilichonse chimene thupi lachita ndinkachitanthauzira. Supuni ikandipulumuka m'manja, mtima pha! Amuna anga ankayesetsa kundilimbikitsa, koma nawonso ndinkawaona akundiyang'anitsitsa ndikamakwera masitepe.

Katswiri uja anali munthu wosafulumira. Anandiuza kuti ndivule nsapato. Anatenga kanyundo kake ka labala n'kugogoda pansi pa bondo, kenako kumbuyo kwa kakolo. Anamenya kachitsulo konjenjemera n'kukaika pa chala chachikulu cha kuphazi, nati ndimuuze kakasiya kunjenjemera. Anandigunda ndi thonje, kenako ndi kansonga, kuyambira kuzala mpaka kubondo, akufunsa kuti, "Apa ndi apa, mukumva mofanana?" Anakanda kuphazi ndi kamtengo akuyang'ana kuti chala chachikulu chilowera kuti. Anandiyendetsa pamzere, chidendene chikugunda zala, kenako anazimitsa magetsi n'kundiunika m'maso.

Mafunso ake anali a nthawi. Dzanzilo linayamba liti? Linabwera mwa masiku ochepa kapena pang'onopang'ono? Linayamba lathapo kwa milungu n'kubweranso? Mukaweramitsa khosi mumamva kanthu kothamanga mumsana ngati shoko? Mukasamba madzi otentha zinthu zimaipiraipira? Anafunsanso za maso: kodi ndi diso limodzi, ndipo limapweteka mukaliyendetsa? Ndinati ayi, ndi onse awiri, ndipo ndikaphethira kangapo chimbuuzicho chimachoka. Anagwedeza mutu n'kulemba.

Kenako ananena mawu omwe ndikufuna aliyense wa vuto ngati langa awamve. "Mayi, MS siitupitsa mfundo. Munthu wa MS akhoza kumva kuwawa m'mawondo kapena m'chiuno chifukwa minofu yakungika kapena chifukwa akuyenda mopendekeka, koma zala zouma m'mawa kwa ola lathunthu zikuloza kwina." Anawonjezera kuti kutentha kwa mapazi onse awiri mofanana nthawi zambiri kumachokera ku timitsempha ta kumapeto, takutali ndi ubongo, pamene MS imagwira ubongo ndi msana. Sananene kuti ndilibe MS. Anati tiyeze kaye. Koma aka kanali koyamba kuti munthu atenge kuwawa kwa mfundo ndi dzanzi n'kuziika patebulo limodzi, n'kufunsa kuti ndi matenda ati omwe angabweretse zonsezi pamodzi.

Palibe kuyeza kumodzi komwe kumanena kuti uyu ali ndi MS. Madokotala amatsatira ndondomeko yotchedwa McDonald criteria, yomwe inatuluka mu 2001 ndipo yakhala ikukonzedwanso kangapo. Kwa zaka zambiri mfundo yake yaikulu inali yofufuza umboni woti mitsempha yawonongeka m'malo osiyanasiyana komanso panthawi zosiyana, ndi kutsimikiza kuti palibe matenda ena omwe angafotokoze bwino zomwe zikuchitikazo. Chida chachikulu ndi makina a MRI, ojambula m'kati mwa thupi.

Za MRI musaope, koma ndi bwino kudziwiratu. Amakuuza kuvula chilichonse chachitsulo, ndolo, mphete, ngakhale tomangira tsitsi, ndipo ngati muli ndi chitsulo m'thupi muwauze musanalowe. Umagona chagada, mutu amauika m'kachimango, kenako bedi limalowa m'kati mwa makinawo. Malo ndi opanikiza ndipo phokoso ndi lalikulu, kugogoda ndi kulira kosiyanasiyana, ngakhale atakutseka m'makutu. Sizipweteka. Chovuta ndi kukhala osagwedezeka kwa nthawi yoposa theka la ola. Ine ndinatsinzina ndisanalowe ndipo sindinatsegule maso mpaka kumapeto. Chapakati anandibaya mankhwala otchedwa gadolinium pamkono, omwe amaonetsa malo omwe akutupa panthawiyo. Mankhwalawa amatuluka m'thupi kudzera mu impso, n'chifukwa chake amayamba aziyeza kaye.

Pepala la zotsatira ndinalilandira ndisanaonane ndi katswiri, ndipo linali ndi chiganizo chonena kuti mu ubongo muli timadontho toyera tochepa. Ndinalira. Tsiku lokumana naye litafika, anatsegula zithunzizo pa kompyuta n'kundilozera ndi cholembera. Tinali ting'onoting'ono, tobalalika. Anati timadontho totere timapezeka mwa anthu ambiri, makamaka odwala mutu waching'alang'ala, a matenda othamanga magazi, osuta fodya ndi omwe akukula. Ta MS timakhala ndi maonekedwe ake ndi malo ake omwe timakonda, monga m'mphepete mwa timapanga ta madzi ta mu ubongo ndi mumsana. Msana wanga unali woyera. Choncho mukawerenga mawu akuti timadontho papepala lanu, dikirani kaye munthu wodziwa aone chithunzi chenichenicho.

Kuti atsimikize, anandichotsa timadzi ta mumsana. Umagona cham'mbali utapinda mawondo, amakubaya kaye mankhwala ochititsa dzanzi, kenako singano yopyapyala imalowa pakati pa mafupa a m'munsi mwa msana, pansi pa pomwe mtsempha waukulu wa mumsana umathera. Ndinamva kukanikiza kusiyana ndi kupweteka. Chomwe chinandivuta ndi mutu wa masiku otsatira, womwe unkabwera ndikaimirira n'kutha ndikagona. M'timadzimo amafufuza zotchedwa oligoclonal bands, zomwe zimapezeka mwa anthu pafupifupi 9 mwa 10 alionse a MS. Mwa ine munalibe.

Anayezanso magazi pofufuza matenda omwe amafanana ndi MS: kuchepa kwa vitamini B12, shuga, chithokomiro, HIV ndi chindoko. Musakhumudwe dokotala akatchula awiri omalizawa. Sakukuganizirani zoipa, koma kuti onsewa amatha kugwira mitsempha, ndipo ali ndi mankhwala. Palinso matenda ena otchedwa neuromyelitis optica, omwe amagwira maso ndi msana ndipo kale ankasokonezedwa ndi MS, mpaka pomwe njira yowayezera m'magazi inapezeka mu 2004. Ndawatchula dala chifukwa amapezeka kwambiri mwa anthu akuda ndi a ku Asia poyerekeza ndi azungu, ndipo mankhwala ena a MS amawakulitsa. Ngati vuto lanu lalikulu ndi maso kapena kufooka kwa miyendo, funsani ngati anayeza aquaporin-4, kuyeza kwa magazi kofufuza matenda amenewa.

Mwa zonse zomwe anayeza, chimodzi chokha ndicho chinabwera ndi chizindikiro: kuyeza kwa magazi kotchedwa ANA. Kuyeza kumeneku kumaonetsa ngati chitetezo cha m'thupi chikupanga asilikali olimbana ndi thupi lomwelo. Pakokha sikutsimikiza matenda, chifukwa anthu ena athanzi nawonso amapezeka nacho. Koma pamodzi ndi mfundo zowawa zija, chinali chokwanira kuti anditumize kwa katswiri wa nyamakazi.

Ameneyu anali mayi wachikulire wolankhula motsitsa mawu. Anafinya mfundo za zala zanga imodziimodzi, nayang'ana zikhadabo, khungu ndi m'kamwa. Anafunsa za zidzolo za kumaso, kuthothoka tsitsi, zilonda za m'kamwa, zala kusintha mtundu kukazizira. Zambiri ndinayankha kuti ayi. Kenako anafunsa kuti, "Nanga mukalira, misozi imatuluka bwinobwino?"

Ndinakhala chete. M'miyezi imeneyo ndinali nditalira kwambiri, ndipo ndinazindikira pomwepo kuti nthawi zambiri nkhope inkakhala youma. "Mumamva ngati m'maso muli mchenga? Mumadzuka usiku kukamwa madzi? Chakudya chouma mumatha kumeza popanda chotsitsira? Mano akubowoka?" Lililonse ndinati inde. Botolo la madzi linkagona pambali pa bedi langa kwa zaka. Dokotala wa mano anali atandimata mano angapo motsatizana, akudabwa kuti munthu wotsuka m'kamwa chonchi mano akuonongeka bwanji. Palibe amene anali atalumikiza zimenezi ndi mawondo anga, chifukwa mano ankaonedwa m'chipinda china, maso m'chipinda china, mafupa m'chipinda chinanso.

Anandiika kapepala kakang'ono kopindika m'chikope cha m'munsi cha diso lililonse, nati nditsinzine kwa mphindi 5. Kamayabwa pang'ono. Atachotsa timapepalato anayeza kutalika kwa pomwe panyowa. Pakanyowa mamilimita 5 kapena kucheperapo ndiye kuti misozi ndi yoperewera kwambiri, ndipo tanga tinali tangonyowa kunsonga. Magazi anaonetsa mtundu wina wa asilikali olimbana ndi thupi aja wotchedwa anti-Ro, womwe ena amautcha SSA. Dzina la matenda anga linali Sjögren.

Ndinali ndisanalimvepo. Linachokera kwa Henrik Sjögren, dokotala wa maso wa ku Sweden yemwe anawafotokoza mu 1933. Nawonso ndi matenda a chitetezo cha m'thupi chosokonezeka, koma chimalimbana kwambiri ndi tiziwalo topanga misozi ndi malovu. Mwa anthu 10 odwala, pafupifupi 9 ndi akazi. Ambiri amangodziwa za kuuma kwa maso ndi m'kamwa, koma amabweretsanso kuwawa kwa mfundo, kutopa koopsa, ndipo mwa ena amagwira timitsempha ting'onoting'ono ta m'mapazi ndi m'manja. Chimbuuzi chija chinali cha diso louma, n'chifukwa chake chinkachoka ndikaphethira. Chilichonse chinapeza malo ake.

Matendawa sachiritsika, koma amalamulirika. Ndimadontheza misozi yochita kupanga m'maso kangapo patsiku. Ndinayamba kumwa hydroxychloroquine chifukwa cha mfundo, ndipo anandichenjezeratu kuti amatenga miyezi asanayambe kuoneka ntchito yake, komanso kuti ndiziyezetsa maso nthawi ndi nthawi chifukwa akamwedwa zaka zambiri amatha kuwononga kumbuyo kwa diso. Panali mankhwala ena otchedwa amitriptyline omwe ndinapatsidwa kale chifukwa cha kutentha kwa mapazi. Anandisinthira, popeza amaumitsanso m'kamwa. Ibuprofen anandiuza kuti ndichepetse, chifukwa akamwedwa tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali amabweretsa zilonda za m'mimba ndi kupweteka impso. Kwa dokotala wa mano ndimapita ndisanamve dzino kuwawa. Anandiuzanso zinthu ziwiri zoti ndisaiwale: ndikaona chotupa chosatha m'tsaya, pansi pa chibwano kapena m'khosi ndibwere msanga, ndipo mayi aliyense wa anti-Ro akakhala woyembekezera auze azamba ndi madokotala, chifukwa mwa ana ochepa zimakhudza kagundidwe ka mtima ndipo amafunika kumamuyeza mwanayo ali m'mimba.

Masiku ena mfundo zimawawabe. Koma ululu wodziwika dzina umapiririka mosiyana ndi uja wa mumdima.

Sindikunena kuti inunso muli ndi Sjögren. Anthu a zizindikiro ngati zanga ena amapezeka ndi lupus, ena nyamakazi ya rheumatoid, ena fibromyalgia, ena kungochepa kwa B12 komwe kumatha ndi jakisoni. Ena amapezeka ndi matenda awiri nthawi imodzi. Ndipo ena amapezekadi ndi MS. Ngati ndinu mmodzi wa amenewa, dziwani kuti zambiri zoopsa zomwe mukuwerenga zinalembedwa kapena zikunena za nthawi yomwe kunalibe mankhwala. Oyamba ochepetsa kubwererabwerera kwa matendawa, interferon beta, anavomerezedwa mu 1993, ndipo lero alipo oposa 10, ena amphamvu kwambiri. Anthu pafupifupi 85 mwa 100 alionse amayamba ndi mtundu womwe umabwera n'kumapita, womwenso mankhwala amathandiza kwambiri, makamaka akayambidwa msanga. Ambiri akugwira ntchito, akubereka, akulera ana.

Chomwe chinandithandiza kwambiri, ndipo ndinachiphunzira kwa namwino wina wokoma mtima, ndi pepala limodzi. Osati buku lonse, dokotala alibe nthawi yoliwerenga. Pepala limodzi lolemba motsatira nthawi: chakuti chinayamba mwezi wakuti, chinakhala nthawi yakuti, chinatha kapena chilipobe. Lembanipo ndi zomwe mukuona ngati sizikukhudzana, maso, mano, khungu, tsitsi, mkodzo, msambo, mimba zomwe zinapita padera, matenda a kumtundu kwanu. Kusankha zofunika ndi zosafunika musiyireni dokotala. Mfundo ikatupa kapena zidzolo zikatuluka, jambulani ndi foni, chifukwa zinthu zimenezi zimakonda kubisala tsiku lopita kuchipatala. Pofotokoza, nenani zomwe thupi likuchita ndi zomwe mukulephera kuchita. Mukati "ndikulephera kumanga mabatani mpaka cha m'ma 9 koloko", dokotala amapezapo pogwira kusiyana ndi mukangoti "manja akuwawa".

Sungani makope a zotsatira zanu zonse, ndipo zithunzi za MRI pemphani kuti akupatseni, chifukwa wina akadzafuna kuyerekeza ndi zatsopano adzazifuna. Nenani mankhwala onse omwe mukumwa, ngakhale ogula nokha ndi azitsamba. Makamaka prednisolone ndi anzake: amachotsa ululu mofulumira moti munthu amawakonda, koma amabisa kutupa komwe dokotala akufufuza, ndipo mukawamwa nthawi yaitali sasiyidwa mwadzidzidzi. Ngati n'kotheka pitani ndi munthu wina, chifukwa ukamva liwu limodzi loopsa makutu amatsekeka. Ndipo musanatuluke m'chipindamo funsani kuti, "Adokotala, ngati si chimenechi, chingakhalenso chiyani, ndipo tichita chiyani kenako?" Kupempha kuonana ndi dokotala wina si mwano.

Kufufuza kotere kumatenga nthawi, ndipo nthawi zina dokotala amayenera kudikira kuti matenda adzionetse. Koma pali zinthu zomwe sizidikira tsiku lanu lobwerera, ndipo mukaona chimodzi mwa izi thamangirani kuchipatala. Diso likachita mdima mwadzidzidzi kapena mwa masiku ochepa, makamaka likamapweteka poliyendetsa. Miyendo ikafooka kapena dzanzi likamakwera kulowera m'chiuno. Mkodzo ukakana kutuluka kapena ukamangotuluka wokha. Nkhope ikapendekeka mbali imodzi kapena lilime likalemera. Mfundo imodzi ikatupa, n'kutentha, thupi nalo litatentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Katswiri wa mitsempha uja anandiuzanso kuti chizindikiro chilichonse chatsopano cha mitsempha chikakhala kupitirira maola 24 ndibwerere kwa iye, ngakhale ndili kale ndi dzina la matenda ena.